Phukusi Lopepesera

Pa ofesi yonse ija, munthu mmodzi yekha ndi amene anali asanasekepo chibwibwi cha Magalasi, ndipo munthuyo anali Kamphepo. N'chifukwa chake awiriwa atayamba kukondana palibe anadabwa. Mawu akamukakamira pakhosi mnyamatayo, ena ankayang'ana kudenga, ena ankamumalizira chiganizo ngati akukankha galimoto yotitimira m'matope. Kamphepo yekha ankadikira. Mtsikana amene anapatsidwa dzinali chifukwa choyenda ngati akuthamangitsidwa, wodya chiimirire, woyankha funso lisanathe, akafika pa Magalasi ankadekha ngati madzi a mumtsuko.

Onse awiri ankalemba mapulogalamu a pakompyuta pa kampani ina yaing'ono, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Pulogalamu yawo inali yothandiza tizipatala ting'onoting'ono kudziwa mankhwala amene atsala m'mashelefu. Namwino ankangojambula bokosi la mankhwala, pulogalamu n'kuwerenga yokha dzina lake ndi tsiku lothera mphamvu. Akaikonza pena, ankaimanga phukusi limodzi n'kuliika pa intaneti, ndipo makompyuta a m'zipatalamo ankalitenga okha.

Mkangano wawo unali umodzi basi. Pambali pa pulogalamuyo panali mafayilo oyesera: mulu wa zithunzi za mabokosi a mankhwala, zina zopendekeka, zina za mumdima, zina zong'ambika, zimene ankayesera ngati pulogalamuyo ikuwerenga zoona. Kodi mafayilo amenewa azilowa m'phukusi lopita kwa anthu, kapena azitsala pa ofesi?

"Munthu akasoketsa malaya, telala samupatsira ndi zidutswa za nsalu zomwe," ankatero Kamphepo akupita kokwerera basi. "Anthu athu bandulo yawo ndi yochepa, netiweki ndi yamwayi. Tiwasenzetserenji katundu woti sadzamumasula n'komwe?"

"Si zi-zi-zidutswa," ankayankha Magalasi akukankhira m'mwamba magalasi ake okhuthala. "Ndi sikelo. Kompyuta yathu si yawo. Katswiri wa kumeneko a-akafuna kudziwa ngati pulogalamu ikugwira bwino pa makina awo, ayesa ndi chiyani? Azingokhulupirira pakamwa pathu?"

"Akawafuna atipemphe, tiwatumizira."

"Wodwala ali pa-pamzere, iwo azidikira kuti iwe umalize kudzola mafuta?"

Apa Kamphepo ankamumenya paphewa ndi chikwama, onse n'kuseka, basi n'kuwasiya. Mkangano wotere unali wokoma. Ankaufuna dala kuti njira italike.

* * *

Lachiwiri lina abwana anaitanitsa msonkhano kuti nkhaniyi ithe, chifukwa phukusi latsopano limayenera kutuluka kumapeto kwa sabata.

Pampando wa pafupi ndi abwana panakhala Suti, mkulu wa gulu lawo, yemwenso anali mwana wa mlongo wa abwanawo. Ankavala jekete ngakhale kutenthe bwanji. Anamufunsirapo Kamphepo chaka chapitacho, n'kukanidwa mwaulemu, koma mtima wake unali usanamve kuti ayi ndi ayi.

Kamphepo anayamba kulankhula. Tsiku limenelo mawu ankangotsetsereka okha. Ananena za bandulo, za makompyuta akale a m'zipatala, za netiweki yothawa mvula ikangoyamba. Anthu anagwedeza mitu. Iye anakhala pansi mtima uli myaa, n'kumutsinzinira diso wokondedwa wake ngati akuti, "Kwako kumeneko."

Magalasi anaimirira. Anali ataganiza bwino zoti anene, zinkachita kuoneka pankhope. Koma maso a anthu atamuunjikira, khosi linatseka.

"Ine ndikuti ma… ma-ma-ma… ma-ma…"

Anatsinzina, chibwano chikunjenjemera. M'chipindamo munangoti zii. Suti anayang'ana wotchi yake, kenako n'kutsamira kumbuyo.

"Amwene, ngati liwu limodzi likutenga nthawi chonchi kudawuniloda, nanga mafayilo anuwo adzatha liti?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Ndipo Kamphepo, asanadziwe chimene chikuchitika, kuseka kunamupulumuka. Kanali kakuseka kakafupi, kotulukira m'mphuno. Anagwira pakamwa msanga, koma madzi akatayika saoleka.

Magalasi anatsegula maso. Sanayang'ane Suti. Sanayang'ane ena onse amene ankapukuta misozi ya kuseka. Anayang'ana Kamphepo yekha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wakhala pampando umene amaudalira, mwendo wake n'kuthyoka. Kenako anakhala pansi mwakachetechete.

"Mwatha?" anafunsa abwana, nawonso akubisa kumwetulira.

Magalasi anagwedeza mutu.

"Ndiye tamvana. Mafayilo oyesera atsale pa ofesi."

Kamphepo anali atapambana. Ankalakalaka pansi patang'ambika kuti agwere m'mulu wa matayala.

* * *

Poweruka sanamupeze pakhomo pamene ankadikirana. Anakwera basi yekha, foni ili m'manja. Analemba "Pepa", n'kufufuta. Analemba "Sindinkaseka iweyo", n'kuona kuti ndi bodza, n'kufufuta. Mapeto ake anatumiza kamawu kamodzi.

"Wafika?"

Yankho linachedwa. "Ndafika."

"Ndikuyimbire?"

"Pafoni ndimachedwa. Ndingakuthere mayunitsi."

Kamphepo anaviika nkhope m'chikwama. Mayi amene anakhala naye pampando anamufunsa ngati akudwala, iye n'kuvomera, chifukwa kudwala kunali kosavuta kufotokoza.

M'mawa mwake Magalasi anamupatsa moni ngati mlendo. "Mwadzuka bwanji?" Chiyambireni chibwenzi ankatchulana kuti "iwe". Tsopano kunabwera "inu", waulemu, wozizira. "Mwamaliza gawo lanu lija?" "Zikomo, mwandithandiza." "Inu" aliyense ankamulasa Kamphepo kuposa kutukwana.

* * *

Madzulo a tsikulo anapeza amayi ake pa makina osokera, akupinda m'mphepete mwa katani ya kasitomala, mapini ali kukamwa. Amayiwa anamulera okha ndi makina omwewo bambo ake atamwalira, ndipo maganizo awo pa Magalasi sankawabisa.

"Ndamva kuti dzulo unawala pamsonkhano," anatero atalavulira mapini m'dzanja.

"Mwamva kwa ndani?"

"Kwa mwana waulemu uja wa jekete. Wandipeza pamsewu ndi mtolo wa nsalu, n'kundikweza galimoto mpaka pakhomo pano. Ana otere akusowa masiku ano."

"Amayi, munthu ameneyotu ananyoza mnzake pagulu."

"Ananyoza kapena ananena zoona? Ine ndinakuuza kale. Mkamwini woti akayamba moni tiyi amazizira asanafike pa 'bwanji'? Nanga tsiku lina nyumba ikadzayaka, adzakuwa liti?"

"Musatero amayi! Sanasankhe kubadwa choncho."

Phazi la amayi linaima pa makina. Anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye ukukalipira ine? Inetu ndikunenera m'nyumba mwanga, chitseko chotseka. Amene anaseka pamaso pake ndani?"

Amayi anakokeranso katani pansi pa singano.

"Kuseka sikunama, mwanawe. Pakamwa pamatha kunena kuti ndimakukonda, koma za m'mimba zimatulukira m'kuseka. Mtima wako unayankha kale. Iwe ukungochedwa kumva."

Makina anayambiranso kulira. Kamphepo analowa kuchipinda osadya. Chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali mawu a amayi ake, koma mantha akuti mwina penapake anali ndi zoona. Kodi masiku onse aja ankadikira chifukwa cha chikondi, kapena ankangodzikometsera kuti iye ndi wabwino kuposa ena?

* * *

Lachisanu linafika asanapepese. Nthawi iliyonse akamuyandikira, "inu" uja ankamutchingira njira ngati mpanda.

Sabata imeneyo ntchito yotumiza phukusi inali ya Magalasi. Anailimbikira m'mawa wonse, anayesa zonse, anachotsa mafayilo oyesera monga anagwirizanirana, kenako anatsika kukagula chakudya, laputopu yake n'kuisiya chitsegulire.

Kamphepo anaiyang'ana. Ganizo linamubwerera ngati mphezi, ndipo monga mwa khalidwe lake sanalipatse mpata woti lizizire. Ngati pakamwa pakulephera kupepesa, manja apepese. Abwezeramo mafayilo aja. Magalasi akadzaona kuti alowa, adzadziwa kuti ndi iye, adzamva kuti akumuuza kuti, "Mawu ako aja ndinawamva ngakhale sanatuluke." Abwana akadzafunsa, adzaimirira yekha n'kunena kuti wasintha maganizo. Zinaoneka zokongola m'mutu mwake, ngati maluwa osiyidwa pakhomo.

Anakhala pampando wa Magalasi, n'kufufuta mzere umodzi wokha, umene unkatsekera mafayilowo kunja. Sanayang'ane kuti phukusi lalemera bwanji. Sanakumbukire kuti mwezi womwewo anali atawonjezera zithunzi zambirimbiri zatsopano. Anamva mapazi pamasitepe, n'kuthamangira pamalo pake.

Magalasi atabwera anapukuta manja, n'kutumiza. Analibe chifukwa choyang'ananso chinthu chimene anali atachiyang'ana kale.

Loweruka ndi Lamlungu Kamphepo ankangoyang'ana foni, kudikira uthenga woyamba ndi "iwe". Sunabwere.

* * *

Lolemba mafoni a pa ofesi anayamba kulira anthu asanavule ndi majuzi omwe.

Kuchipatala china bandulo ya mwezi wonse inali itatha m'mawa umodzi. Kwina kompyuta inadzaza n'kuima pakati, pulogalamu yakale itachoka, yatsopano isanalowe. Kwina anamwino ankawerenga mabokosi ndi manja, odwala akudandaula pamzere. Mawu a m'mafoni ankamveka mpaka pakhonde.

Pofika masana zinali zitakonzedwa, koma abwana anali atafiira maso. Anaitana onse.

"Tinagwirizana pano, pamaso panga. Ndani waika mafayilo aja m'phukusi?"

"Amalume, musavutike," anatero Suti modekha. "Tonse tikudziwa amene ankawafuna. Pamsonkhano zinamukanika kunena, ndiye wanenera kuseri."

Maso onse anapita kwa Magalasi. Iye anali akuyang'ana pa laputopu yake, pamene pankaoneka mzere wofufutidwa uja ndi nthawi imene unafufutidwa. Inali nthawi imene iye anali pamzere wa chakudya. Anakweza mutu pang'onopang'ono mpaka maso ake anapeza Kamphepo.

Imeneyi inali nthawi imene Kamphepo anailota, yoti aimirire. Koma sanaimirire. Anaona nkhope ya abwana, anaganiza za makina osokera a amayi ake ndi lendi ya nyumba imene inkadalira ntchito yake, anaganiza za kuseka kumene kukanamugwera iyeyo tsopano. Anatsegula pakamwa, koma lilime linali ngati mwala. Tsiku limenelo wachibwibwi anali iye.

"Ndi-ndi-ndine ndinatumiza," anatero Magalasi.

Sananame. Sananenenso zoona zonse.

"Ndinkakuona ngati munthu wodekha," anatero abwana. "Pita kunyumba. Ndidzakuitana ndikaganiza chochita nawe."

Magalasi analongedza chikwama mosafulumira. Anapinda chingwe cha laputopu bwinobwino monga ankachitira masiku onse, anatenga kapu yake, n'kudutsa pafupi ndi tebulo la Kamphepo osatembenuka. Kamphepo anayang'ana zala zake mpaka mapazi aja anasiya kumveka.

* * *

Poweruka anapeza galimoto ya Suti itaima pakhomo la sitolo ya matayala, galasi lotsitsa.

"Lowa ndikakusiye."

"Zikomo, ndikwera basi."

"Lowa, tikambe za Lachisanu."

Kamphepo anatsegula chitseko. Analowa.

Suti anayendetsa akuimba kamluzu.

"Mpando wa mnzathu uja ndi wofewa eti? Ndinakuona utakhalapo. Ndinali pakhonde, ndikulankhula pafoni."

"Ndiye unadziwa? Unadziwa koma n'kumuloza chala?"

"Ine sindinatchule dzina la munthu. Mwini wake wavomera yekha. Ndipo iwe unali pomwepo, pakamwa uli napo." Anamuyang'ana cham'mbali akumwetulira. "Usandiyang'ane ngati ndine mfiti. Ine ndi iwe ndife amodzi. Tonse tinaseka, tonse tinakhala chete. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sindidzinamiza."

Kamphepo anafuna kumutukwana, koma mawu a Suti anali ndi minga ya zoona.

"Tamvera," anapitiriza Suti, mawu atafewa. "Ine sindikufunira zoipa. Ndakuteteza lero, ndipitiriza kukuteteza. Iwe khala chete, ine ndikhala chete. Mnzathuyo ndi wanzeru, akapeza kwina. Loweruka ndikubwera kudzacheza ndi amayi, anandiitana. Udzavale diresi yobiriwira ija."

"Ima."

"Sitinafike."

"Ndati ima!"

Anatsika pakati pa njira, pafupi ndi ogulitsa mipando ya pulasitiki, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Nsapato zinamutupitsa zala, koma anaona kuti n'zomuyenera.

* * *

M'mawa mwake anafika pa ofesi woyamba. Abwana anamupeza ataima pakhomo la chipinda chawo, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Ananena zonse, mofulumira, kuopa kuti akapuma mantha amubwerera. Ananena za kuseka, za mpando, za mzere umene anafufuta, za chete wake wa dzulo.

Abwana anazunguza cholembera patebulo.

"Ndiye unkapepesa?"

"Inde, bwana."

"Kupepesa kwako kwaimitsa odwala padzuwa. Mwana iwe, munthu ukamuponda phazi umangoti pepa. Sumugulira ng'ombe n'kumumangirira pakhosi." Anapumira m'mwamba. "Nanenso ndili ndi gawo langa. Ndinaseka nawo, ndipo ndinatseka msonkhano munthu asanamalize kulankhula. Ukudziwa chimene ankafuna kunena tsiku lija?"

Kamphepo anapukusa mutu.

"Dzulo ndinamutsatira pamasitepe, mkwiyo utatsika pang'ono. Ndinamufunsa chifukwa chake anachita makani chonchi. Anandiyankha kuti iye anali atasiya kale zofuna kuti mafayilo alowe. Akuti unamugonjetsa kalekale ndi nkhani ya bandulo. Pamsonkhano paja ankafuna kunena kuti maphukusi akhale awiri. Lopepuka lizipita kuzipatala, la mafayilo oyesera liziikidwa pambali kuti katswiri amene akulifuna azilitenga yekha osapempha. Ma-ma-ma uja anali maphukusi awiri."

Kamphepo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndiye kuti Magalasi anaimirira pagulu, khosi likumukanika, kuti amupatse iye theka la chigonjetso. Ndipo iye anamulipira ndi kuseka.

"Ndinadabwa kuti munthu woganiza choncho angachite bwanji zimene zinachitikazo," anatero abwana. "Tsopano ndamvetsa. Maganizo akewo ndi amene titsatire. Iwe upite kunyumba sabata ino, ukaganize bwino, ndipo ukabwera udzayimbira wekha zipatala zonse kupepesa. Ndi pakamwa."

"Nanga iye? Mumuitana abwerere?"

"Ndamuyimbira ndisananyamuke kunyumba. Wayankha ndi mchemwali wake. Akuti mlongo wawo sadzapondanso pano."

* * *

Magalasi ankakhala ndi mchemwali wake wamkulu, namwino, amene anamulera makolo awo atamwalira. Kamphepo anakumanapo nawo kangapo, ndipo nthawi zonse ankamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati akumuyeza malungo. "Mtsikana wothamanga chonchi adzakudikira mpaka liti?" achemwaliwo anamufunsapo mlongo wawo tsiku lina, Kamphepo akumva. Iwo anali ndi mtsikana wina woyandikana nawo nyumba amene ankafuna kuti akhale mlamu wawo.

Panjira Kamphepo anayimba foni ya Magalasi. Inali yozimitsa. Anakonza mawu m'mutu, n'kuwataya, n'kukonza ena. Ulendo uno sakatumiza chilichonse, sakabisala kuseri kwa chilichonse. Akangoima pamaso pake n'kunena.

Nyumbayo inali kumapeto kwa kanjira ka mipanda ya malata. Pachingwe panali malaya a Magalasi, ochapidwa kumene, akudontha. Anagogoda.

Anatsegula ndi achemwali aja, ali m'yunifolomu, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Atamuona nkhope yawo inauma. Anatuluka n'kukokera chitseko kumbuyo kwawo, n'kusiya kampata kakang'ono.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ine si mchemwali wanu. Mukufuna chiyani?"

"Ndimafuna ndimuone. Ndili ndi mawu."

"Mawu muli nawo inu, timadziwa. Ambirimbiri, othamanga." Anavala nsapato ija mosafulumira. "Mukudziwa kumene ndinali dzulo? Chipatala chathu ndi chimodzi mwa zimene zinaima. Ndinagwada pansi kuwerenga mabokosi, anzanga akundifunsa kuti, 'Si mlongo wako amapanga zimenezi?' Ndinamuikira kumbuyo. Ndikufika kuno ndikumupeza atakhala pabedi ndi chikwama chake, ntchito yatha."

"Sanalakwe iyeyo. Ndine. Ndachokera kwa abwana, ndawauza zonse."

"Ndikudziwa kuti ndinu. Iye sananene kanthu, mpaka pano akukubisani. Anandiyimbira ndi mkulu wanu wa kuntchito, wa mawu osalala uja. Anati akundiuza chifukwa chomvera chisoni banja lathu. Anandiuzanso za kuseka."

Kamphepo anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Suti anali atamudutsa njira yachidule.

"Mwana ameneyu," anapitiriza achemwaliwo, mawu atatsika, "ndinkamenyana ndi anyamata kusukulu chifukwa cha iye. Ankabwera malaya atanyowa ndi misozi. Anafika posiya kulankhula chaka chathunthu, ankangoloza ndi chala. Ndinamutulutsa mawu ndi ine, limodzilimodzi. Tsiku lina anabwera akumwetulira, akuti, 'Achemwali, ndapeza munthu amene saseka.' Ine ndinamuuza kuti dikira, aliyense ali ndi tsiku lake. Ndinkapemphera kuti ndikhale wabodza."

Misozi ya Kamphepo inayamba kutsika. Sanaipukute.

"Sindikudziikira kumbuyo. Ndinaseka. Ndinakhalanso chete pamene ndinayenera kulankhula. Ndikungopempha kuti amve kuchokera pakamwa panga. Akandithamangitsa, andithamangitse yekha."

Achemwaliwo anamuyang'ana, ndipo kwa kamphindi zinaoneka ngati afewa. Kenako m'nyumbamo munamveka mawu a mkazi, ofatsa, akunena kanthu kena, ndipo Magalasi anayankha. Kamphepo sanamve mawuwo, koma anamva kuti chinali chiganizo chachitali, ndipo chinangokodwa kamodzi kokha.

Chitseko chinatseguka. Panaima mtsikana woyandikana nawo nyumba uja, wamtali, wa nkhope yodekha, atavala juzi yotuwa imene Kamphepo ankaidziwa bwino, chifukwa ndi iye amene anamugulira Magalasi nyengo yozizira yapitayo. M'manja mwake munali magalasi okhuthala aja. Ankawapukuta ndi m'mphepete mwa juziyo mosamala, ngati munthu amene si koyamba kuwagwira.

"Kuli alendo?" anafunsa mtsikanayo.

"Bwererani m'nyumba, mlamu," anatero achemwali aja, liwu la "mlamu" akulitchula momveka bwino. "Tiyi wanu azizira."

Kumbuyo kwa mtsikanayo, mkati mwa kanjira ka m'nyumba, kunatulukira Magalasi. Popanda magalasi nkhope yake inkaoneka yamaliseche, yaing'ono. Anatsinzinira kuyang'ana kuwala kwa pakhomo, maso akufufuza, osapeza kanthu. Kamphepo anali pomwepo, mapazi ochepa chabe, koma kwa iye anali chithunzithunzi.

"Ndi nda-ndani, achemwali?"

Kamphepo anakoka mpweya kuti ayankhe. Dzanja la achemwali linali litafika kale pachitseko.

"Palibe," anatero. "Ndi munthu wasochera nyumba."